Mbiri ya atsibweni ndidailembera pamaliro

Sabata yatha ndidalandira kalata yochokera kwa mtsikana wina wa ku Kawale amene amawerenga tsamba lino. Iye adati ali ndi nkhani m'mutu imene wakhala akufuna kulemba kwa zaka zitatu, koma akangolemba ndime yoyamba amaiona ngati yachibwana, n'kung'amba pepalalo. Funso lake lidali lakuti: "Kodi inu mumatani kuti sabata iliyonse muzitulutsa nkhani?" Mchemwali, ndikuyankhani pagulu pano chifukwa ndikudziwa kuti simuli nokha. Koma ndisadakuuzeni zimene ndimachita masiku ano, ndiyambe ndafotokoza zimene matenda omwewa adandilanda ine.

Ine ndimakhala ku Likuni ndipo ntchito yanga ndi yauphunzitsi. Ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri ndithu, bolopeni yofiira ili m'thumba la malaya. Kwathu kuno kulemba si chinthu chachilendo. Ukamachokera m'tauni n'kudutsa Chinsapo, umafika pamalo pamene pali tchalitchi cha Katolika, chipatala cha mishoni, sukulu za sekondale ziwiri, ya anyamata ndi ya atsikana, komanso Likuni Press, kumene kwa zaka zambiri kunkasindikizidwa nyuzipepala ya Odini. Tili ana tinkadziwa kuti mawu amene makolo athu akuwerenga pakhonde atuluka m'makina a pafupi pomwepa. Mwina n'chifukwa chake ndidakula ndi mtima wofuna kudzalemba buku.

Nkhani yoti ndilembe ndidali nayo m'banja momwemo. Atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, adali mmodzi mwa amuna ambirimbiri a dziko lino amene adakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni kudzera ku Wenela. Achinyamata a lero dzinali amalidziwa ngati malo okwerera mabasi ku Blantyre, koma lidachokera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Ambiri ankakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupitiriza ulendo pasitima. Mu Epulo 1974 ndege ina idagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Kamuzu adaletsa kulemba anthu ntchitozi. Pambuyo pake zidayambiranso pang'ono m'dzina la Theba, mpaka zidatheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Atsibweni adapita koyamba mu 1963 ali ndi zaka 22, ndipo adabwererako maulendo angapo mpaka chitseko chidatsekedwa. Atakhazikika kumudzi, cha ku Malingunde, adali munthu wosatopa ndi nkhani. Ankafotokoza za chikepe chimene chinkawatsitsira pansi pa nthaka m'bandakucha mpaka makutu kutsekeka, za kutentha kwa kumeneko, ndi za Fanakalo, chinenero chosakaniza chimene ankamvanirana ndi anthu a ku Lesotho, a ku Mozambique ndi akapitawo achizungu. Ankanenanso za mnzawo wina wa ku Mozambique amene adawakoka mwendo tsiku limene mwala udagumuka, n'kuwapulumutsa. Akafika pamenepa ankayamba atsokomola kaye, kenaka n'kukhala chete. Ife ana tinkangodikira kuti afike pa njinga ndi wailesi zimene adabwera nazo.

Pa tchuthi cha Khirisimasi mu 2017 ndidawauza kuti ndikufuna kulemba mbiri yawo. Ndidagula kope lachikuto cholimba, n'kukhala nawo pakhonde masiku awiri, iwo akuyankhula ine ndikulemba. Ndidadzaza masamba 14. Potsazikana adandigwira dzanja n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, ndiye bukulo lituluka ine maso akadali openya?" Ankanditchula choncho mondiseka, pakuti adandinyamulapo pamapewa ndili wamng'ono. Ndidayankha mosavuta: "Musade nkhawa atsibweni, pofika Pasaka ndidzakuwerengerani mutu woyamba."

Mutu woyambawo ndidaulemba maulendo 11. Nambalayi ndikuidziwa chifukwa mapepala ake ndidakali nawo m'katoni pansi pa bedi. Ulendo woyamba ndidayamba ndi kubadwa kwawo, koma ndidaona kuti zikumveka ngati chimangirizo cha mwana wa Sitandade 7. Wachiwiri ndidayamba ndi ndege ya ku Francistown, koma ndidaopa kuti anthu adzati ndikufuna kuwaliza dala. Wachitatu ndidayamba ndi mwambi, kenaka ndidaufufuta poganiza kuti aliyense amayamba ndi mwambi. Chiganizo chilichonse chikangofika papepala, mphunzitsi wa m'mutu mwanga ankasolola bolopeni yofiira. Ndinkatha ola lathunthu pa mawu amodzi, ndikudzifunsa ngati ndilembe "anapita" kapena "adapita", ngati w wa m'dzina la dziko lathu ndimuveke kachipewa kapena ayi.

Zifukwa sizinkasowa. Poyamba ndidati buku lenileni sililembedwa pamanja, ndidikire ndipeze laputopu. Nditagula yogwirapo kale ntchito mu 2019, ndidati magetsi akuzimazima. Magetsi akayaka ndinkati ana akusokosera. Pa tchuthi ndinkati ndatopa ndi kuchonga mayeso, sukulu ikatsegulira ndinkati ndidikire tchuthi. Kenaka ndidapeza chifukwa chooneka chaulemu kuposa zonse: ndidati sindingalembe za migodi ndisadawerenge mokwanira mbiri yake. Ndidayamba kupita ku laibulale m'tauni, n'kumakopera zinthu m'kope lina. Kuwerengako kunkandipatsa mtendere chifukwa ndinkadziona ngati ndili pantchito, chonsecho buku silinkasuntha ngakhale ndi mzere umodzi.

Choipitsitsa chinkachitika kumudzi. Kuchokera ku Likuni kukafika kwathu si ulendo wautali, ndipo ndinkapitako ndithu, nditanyamula shuga ndi sopo. Koma kope lija ndinkalisiya kunyumba. Manyazi ofika chimanjamanja adandichititsa kuti ndizipewa nkhani ya bukulo, moti atsibweni akayamba za ku Joni ine ndinkakhotetsera ku mitengo ya feteleza. Mafunso amene ndidalemba kumapeto kwa masamba 14 aja, oti ndidzawafunse ulendo wina, adakhala osafunsidwa. Tsiku lina mu 2021 adandiyang'ana akumwetulira n'kunena kuti: "Aphunzitsi, Pasaka ija ndi ya chaka chiti?" Tidaseka tonse. Ndili pakabaza pobwerera, kuseka kuja kudandithera.

Atsibweni adatisiya mu Ogasiti 2022 ali ndi zaka 81. Usiku wa pasiwa, amayi akuimba m'nyumba, ife amuna titazungulira moto panja, mkulu wina wa kubanja adandiitanira pambali. "Aphunzitsi, inu ndi amene munkalemba za malemuwa. Mawa mbiri muwerenga ndinu." Padalibe pothawira. Laputopu idali ku Likuni, mitu 11 ija idali m'katoni. Ndidapempha kope kwa mwana wina wa sukulu, n'kuzulamo mapepala apakati, n'kukakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe. Ndikuunikira ndi tochi ya pafoni, ndidalemba masamba awiri ndi theka pabondo. Tambala woyamba asadalire ndidali nditamaliza.

M'mawa mwake ndidaimirira pamaso pa khamu n'kuwerenga. Ndidalakwitsa chaka chimene malemuwo adakwatira, ndipo mayi anga, ali pakati pa amayi anzawo, adakweza mawu n'kundikonza pomwepo. Ndidapepesa, ndidatchula chaka choyenera, n'kupitiriza. Palibe adanyamuka kuchoka chifukwa cha cholakwacho. Nditafika pa nkhani ya mwala ndi mnzawo wa ku Mozambique, anthu adangoti zii, pakuti ambiri, ngakhale zidzukulu zawo zenizeni, adali asadaimvepo. Mwambo utatha, agogo ena oyenda ndi ndodo adandipeza. Adati amakhala ku Chinsapo ndipo adagwirapo ntchito mgodi umodzi ndi atsibweni. "Mwana wanga, mwanena zoona," adatero, "koma mwasiya zambiri."

Pobwerera ku Likuni ndidadzifunsa funso limene ndikufuna nanunso mchemwali mudzifunse. Zidatheka bwanji kuti chimene chidandikanika pafupifupi zaka zisanu ndichichite usiku umodzi, ndili ndi tulo, ndili pachisoni, ndilibe ngakhale tebulo? Nzeru sizidandichulukire usiku umenewo. Chidasintha n'chakuti padali nthawi yoikika imene sindikadaisuntha, padali anthu odziwika amene ankadikira kumva, ndipo mphunzitsi wa bolopeni yofiira uja adasowa mpata woyankhulira. Akuluakulu adati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Ine ndinkaonetsetsa chiganizo choyamba pamene mwini nkhani ankakalamba.

Kuzengereza kwa mtundu umenewu anthu ambiri amakusokoneza ndi ulesi. Ine sindidali waulesi: m'zaka zomwezo ndinkachonga milu ya makope ndi kulima dimba. Chimene chimachitika n'chakuti ukakhala pansi kuti ulembe, umamva kamantha kakuti zimene zituluke sizifanana ndi zokongola zimene zili m'mutu. Ukadzuka n'kukatsuka njinga kapena kusuzumira pa WhatsApp, kamantha kaja kamachoka nthawi yomweyo. Mtima umaphunzira kuti mankhwala a mantha ndi kuthawa, ndiye mawa umathawa msanga kuposa lero. Masiku akamapita ngongole imakula. Buku limene lachedwa zaka zitatu umaona kuti liyenera kudzakhala labwino koposa kuti anthu akukhululukire kuchedwako, ndipo ukamaganiza choncho m'pamene umaliopa kwambiri.

Ife olemba m'Chichewa tili ndi katundu wina wapadera. Chinenerochi chidasankhidwa kukhala cha fuko mu 1968, ndipo mu 1972 boma lidakhazikitsa Chichewa Board, imene idatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ambiri a msinkhu wanga tidakula tikumvera pulogalamu ya Tiphunzire Chichewa pa wailesi ya MBC. Ntchito imeneyo idathandiza kuti tizilemba mofanana, ndipo kuyambira mu 1996 ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Koma ena a ife tidatolapo phunziro limene palibe adatiphunzitsa, lakuti kulakwitsa kalembedwe n'kochititsa manyazi kuposa kusalemba n'komwe. Timaiwala kuti malamulo amene adatuluka katatu m'zaka 17 ndi umboni wakuti ngakhale akatswiri amayamba atulutsa kaye, n'kudzakonza pambuyo.

Tsegulani Buku Lopatulika lakale limene lili m'nyumba zambiri. Lidatuluka mu 1922, William Murray wa mishoni ya Nkhoma akutsogolera ntchito yomasulira pamodzi ndi anthu akuno amene ankachidziwa bwino chinenerochi. M'menemo mupeza c pamalo pamene lero timalemba ch. Akadati adikire kuti kalembedwe kayambe kakhazikika, akadadikira zaka 50, ndipo agogo athu ambiri akadamwalira asadaliwerengepo m'chinenero chawo. Lidatuluka momwe lidalilimo, anthu adaliwerenga mpaka masamba kuthothoka, ndipo mibadwo ina idabwera kudzakonza ndi kumasuliranso.

Chitsanzo chimene chimandilasa kwambiri ndi cha mphunzitsi mnzanga wakalekale, Samuel Josia Nthara, wa mishoni yomweyo ya Nkhoma. Iye adalemba buku la Nthondo polowa mpikisano umene udakonzedwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo adapambana. Bukulo lidatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira lidatulukanso m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, womasulira wake ali Cullen Young. Mpikisano umakhala ndi tsiku lotsekera, sudikira kuti mlembi akhutire. Pambuyo pake Nthara adasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbuka, n'kulemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Akatswiri a mbiri amene adabwera m'mbuyo mwake adapezamo zoti aonjezere ndi zoti atsutse, koma adapeza poyambira, pakuti nkhalamba zimene zidamuuza nkhanizo zidali zitapita kale. Dzina lake lenilenilo mabuku ena amalemba Ntara, ena Nthara, ndipo zimenezo sizidaletse aliyense kumuwerenga.

Za laputopu zija ndimachita nazo manyazi ndikakumbukira Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, amene mu 1978 adalemba buku lathunthu m'chinenero chake cha Chikikuyu ali m'ndende ya Kamiti, pa mapepala a kuchimbudzi. Za kusowa nthawi nazo zimandikumbutsa Anthony Trollope wa ku England, amene adagwira ntchito ku positi ofesi zaka zoposa 30. Ankayamba kulemba 5:30 m'mawa, wotchi ili patebulo, mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse, asadapite kuntchito. Adasiya mabuku a nthano zazitali 47. Si onse amene ali abwino mofanana, koma abwinowo adatuluka m'dzanja lomwe lidazolowera kulemba tsiku ndi tsiku. Kwathu kuno tidali ndi D.D. Phiri, amene adamwalira mu 2019: mpaka mu ukalamba wake, sabata ndi sabata nkhani zake zinkatuluka m'nyuzipepala.

Tsono ndikuyankheni funso lanu. Choyamba, ndidalekanitsa ntchito ziwiri zimene ndinkagwira nthawi imodzi. Kulemba kuli ngati kudzala, kukonza kuli ngati kupalira, ndipo palibe mlimi amene amapalira phando limene wangoponyamo mbewu. M'kati mwa sabata ndimalemba ndi bolopeni yabuluu, osabwerera m'mbuyo, osafufuta. Yofiira imakhala m'chikwama cha kusukulu mpaka Lachisanu madzulo. Tsiku limenelo ndiye ndimakhala wankhanza: ndimadula, ndimasuntha ndime, ndimatsegula mtanthauziramawu. Chodabwitsa n'chakuti zimene Lolemba zinkaoneka ngati zinyalala, pofika Lachisanu theka lake limapezeka kuti n'lothandiza.

Chachiwiri, ndidadziikira muyeso wowerengeka. Ndidasiya kudziuza kuti lero ndilemba mutu wabwino, chifukwa ubwino ulibe malire ndipo sudziwa pamene wafika. Muyeso wanga ndi tsamba limodzi la kope pa tsiku, lokoma kapena loipa. Zikayenda ndimapitirira mpaka masamba atatu, koma limodzilo ndiye ngongole ya tsikulo. Ndimadzuka 4:30, nthawi imene maminibasi oyamba opita m'tauni amayamba kuimba mahutala pamsewu, n'kuyatsa nyale ya sola. Foni imagona kuchipinda china. Tsamba limodzi ndi mawu pafupifupi 200. Mukachulukitsa ndi masiku asanu pa sabata, mupeza kuti pa chaka ndi mawu oposa 50,000, okwanira buku. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachitatu, ndidaphunzira kusiya mipata. Ndikafika pamene ndaiwala chaka, dzina la malo kapena mawu oyenera, sindiimanso. Ndimajambula kabokosi n'kupitirira. Kale kampata kamodzi koteroko kankandidyera sabata yathunthu. Masiku ano mabokosi onse ndimawasonkhanitsa Loweruka n'kukafunsa kwa amene akudziwa. Ndimayambiranso paliponse pamene nkhani yandigwira mtima. Buku la atsibweni ndidaliyambira pakati, pa tsiku la mwala lija. Ndime yoyamba imene idandizunza zaka zonse zija idabwera yokha nditalemba kale masamba 40, chifukwa pamenepo ndidali nditadziwa chimene bukulo likunena. Mchemwali, ndime yoyamba imene mukung'ambayo ilekeni kaye. Lembani yachisanu.

Chachinayi, pezani munthu wokudikirani. Pasiwa paja ndidaona kuti lonjezo lodzilonjeza wekha mumtima silichedwa kuphwanyika. Nkhani ya tsamba lino ndimaitumiza kwa akonzi Lolemba masana, ndipo ndikachedwa malo anga imalowa ina. Pa za buku, ndidapangana ndi mayi a kunyumba kuti Lamulungu lililonse tikadya nsima ya madzulo ndiziwawerengera zimene ndalemba. Iwo za kachipewa ka w alibe nazo ntchito. Akayamba kuyasamula ndimadziwa kuti ndime yatalika. Akafunsa kuti "ndiye zidatha bwanji, abambo?" ndimadziwa kuti ndagwira njira. Kuwerenga mokweza kumaululanso zolakwa zimene maso amazidumpha.

Njira imeneyi si yatsopano m'dziko lino. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a ku Chancellor College adayambitsa gulu la Writers Group, limene linkakumana sabata iliyonse kuwerengerana zimene alemba ndi kudzudzulana maso ndi maso. M'gulu limenelo mudatuluka alakatuli odziwika monga Jack Mapanje, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Munthu ankabwera ndi ndakatulo yosapsa bwino, anzake n'kuikhadzula, iye n'kukaikonza. Inu simufunika koleji kuti muchite zomwezo. Anzanu awiri a ku Kawale komweko, mkeka ndi tsiku lodziwika pa sabata, zakwana.

Chachisanu, ndidavomera kuti cholemba chimatuluka chili ndi zilema. Miyezi ingapo yapitayo ndidasokoneza mayina a mitsinje iwiri m'nkhani ina ya patsamba lino, ndipo bambo wina wa ku Biwi adandilembera kalata yondidzudzula kolimba. Akadakhala ine wa 2018, ndikadasiya kulemba miyezi itatu. Ndidawathokoza, ndidakonza sabata yotsatira, ndipo kalata yawoyo ndidaisunga, chifukwa idandiuza kuti kuli munthu amene adawerenga mpaka kumapeto. Mitu 11 ya m'katoni ija palibe adaidzudzulapo, pakuti palibe adaiwerenga.

Wina anganene kuti ndikulimbikitsa kulemba mwachisawawa, n'kundikumbutsa kuti wofulumira adadya gaga. N'zoona, ndipo tonse taonapo mabuku osindikizidwa mothamanga odzaza zolakwa, komanso nkhani za pa Facebook zoipitsa mbiri ya anthu osalakwa. Kusamala kuli ndi malo ake. Chaka, dzina la munthu, chiwerengero, ndi chilichonse chimene chingamupweteke wina, ziyenera kutsimikizidwa zisadatuluke. Kusiyana kwake n'kwakuti kutsimikiza kumatha: mabokosi akadzaza, ntchito yatha. Mantha satha. Ndiye ndikaona kuti ndikubwereza ndime imodzi kachitatu, ndimadzifunsa kuti, kodi chimene ndikukonza kwenikweni n'chiyani? Ndikatha kuchitchula, ndimachikonza. Ndikalephera kuchitchula, ndimadziwa kuti ndi mantha aja abweranso, ndipo ndimatembenuza tsamba.

Zimenezi zidasintha ngakhale kachongedwe kanga m'kalasi. Ndidazindikira kuti ana ena amene amapereka chimangirizo cha mizere itatu si mbuli ayi. Adaphunzira kuti ukalemba zochepa, zofiira zimachepanso. Masiku ano ndimayamba ndawerenga nkhani yonse bolopeni ili pansi, n'kumuuza mwanayo chinthu chimodzi chimene chandigwira mtima, kenaka ndiye tikambe za zilembo. Sindikunena kuti ndidachira kotheratu. Masabata ena ndimadzipeza ndikusesa pakhomo 4:30 m'mawa, kope lili chitsegulire patebulo. Ndikatero sindidzilanga ndi masamba awiri mawa lake, chifukwa chilango chimangoonjezera mantha. Ndimangobwerera ku tsamba limodzi lija.

Lero buku la atsibweni lafika masamba 130 a pamanja. Loweruka lililonse ndimakwera minibasi kukatsika ku Chinsapo kukacheza ndi agogo a ndodo aja, kope lili m'manja. Andithandiza kudzaza mabokosi ambiri: momwe ankagonera m'makomponi, momwe gawo lina la malipiro linkasungidwira kuti adzalandire atabwerera kumudzi, momwe ankalemberana makalata kwa amene sankadziwa kulemba. Mayi anga nawo andiuza mbali imene atsibweni sankainena, ya akazi otsala kumudzi amene ankalima okha ndi kudikira makalata, ena mpaka amuna awo kusanduka matchona.

Koma bokosi limodzi lidzakhala lopanda kanthu mpaka kalekale. Pa masamba 14 aja ndidalemba kuti "mnzawo wa ku Mozambique", n'kuika funso pambali: dzina lake ndani, kwawo kwenikweni n'kuti? Ndidati ndidzafunsa ulendo wina. Agogo a ku Chinsapo adali m'gulu lina nthawi imeneyo ndipo samukumbuka. Mayi anga adangomva kuti kudali munthu wotero. Munthu amene adachititsa kuti atsibweni abwerere amoyo, kuti abereke ana asanu ndi mmodzi, kuti andilipirire fizi ya Fomu 1 bambo anga atamwalira, alowa m'buku wopanda dzina. Funsolo likadatenga mphindi imodzi.

Nkhani ngati imeneyi si ya banja lathu lokha. M'makwalala a Kawale, Mgona, Area 23 ndi Area 25 mudakali anthu amene adaona chitaganya chikutha mu 1963, mbendera yatsopano ikukwera mu 1964, likulu likusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndi mizere ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Amene adapita ku Joni Wenela isadaimitsidwe mu 1974, wamng'ono pa onsewo lero ali pafupi ndi zaka 70 kapena kupitirira. Ambiri mwa anthu amenewa sadzalemba okha. Akudalira mwana kapena mdzukulu amene adapita kusukulu, ndipo mdzukuluyo ali kalikiliki kung'amba ndime yoyamba.

Mchemwali wa ku Kawale, pempho langa ndi ili. Mawa m'mawa, musadatsegule foni, tengani kope lililonse limene lili pafupi, mulembe tsamba limodzi. Musaliwerenge, musaling'ambe. Muchite chimodzimodzi masiku asanu, ndipo Loweruka mumuwerengere munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Ngati nkhani yanuyo ili ndi mwini wake amene akadali moyo, pitani mukamuone sabata ino, mutanyamula mafunso onse, ngakhale musadalembe kanthu koti mukamuonetse. Paja zengerezu adalinda kwaukwau. Ndikudikira kalata yanu yachiwiri, ndipo m'kati mwake mukhale masamba asanuwo, ngakhale akhale okhwatchakhwatcha.

Ine ndathamangira ku Chinsapo. Agogo aja adati Loweruka lino andiuza za tsiku limene uthenga wa ndege ya ku Francistown udafika m'komponi. Tionana sabata yamawa.